Ogwetsana a pa kanema ndi ogwetsana enieni: mtsikana wa ku Rumphi aime pati?

Loweruka madzulo pa Rumphi boma, pa Bolero kapena pa Chitimba, nyumba ya vidiyo siisowa chikwangwani, phokoso lokha limakufikitsa pakhomo. Mpira wa ku England ukatha, mwini vidiyo amaika wrestling ndipo mabenchi amadzazanso. Kale anthu ankadikira amuna okhaokha, a John Cena ndi a Undertaker. Akazi akalowa m'bwalo, imeneyo inali nthawi yotuluka kukagula chimanga chootcha. Lero zinthu zatembenuka. Mwana wa Sitandade 5 atha kukufotokozerani kusiyana kwa Bianca Belair ndi Rhea Ripley, yemwe ali ndi lamba ndi yemwe adalandidwa, mwinanso kuposa mmene angakufotokozereni za mitsinje ya m'boma lake lomwe.

Chodabwitsa n'chakuti bambo yemweyo amene amaimirira pabenchi n'kumakuwa kuti "M'phwanye ameneyo!" akangomva kuti mwana wake wamkazi wagwetsa mnzake kudambo, amathyola kamtengo. Amayi nawo amafunsa funso lomwe atsikana ambiri adalimvapo: "Iwe, ndi khalidwe limeneli udzakwatiwa ndi ndani?"

Mmene ndikuonera, taika zinthu zitatu m'thumba limodzi: ndewu, sewero la pa kanema, ndi masewera enieni ogwetsana. Za ndewu palibe chokambirana, ndi yoipa basi. Koma ziwiri zinazo n'zosiyana kwambiri, ndipo chifukwa chosazisiyanitsa, ana athu akutengera choopsacho n'kumanidwa chothandizacho.

Tiyambe ndi chomwe timaonera. WWE ndi kampani ya ku America ndipo malonda ake ndi chisangalalo. Wopambana amadziwika asanalowe n'komwe m'bwalo. Alipo anthu olembedwa ntchito yopeka nkhani: uyu akhale woipa mtima, uyu aperekedwe ndi mnzake wapamtima, uyu abwere kudzabwezera mwezi wamawa. N'chimodzimodzi sewero la pa wailesi, kungoti ili limaseweredwa ndi thupi. Kunena zimenezi m'nyumba ya vidiyo n'kuputa mkangano wosatha, koma eni akewo adavomera okha. Mu 1989 akuluakulu a kampaniyi adauza opanga malamulo a m'chigawo cha New Jersey kuti zomwe amachita ndi zosangalatsa anthu osati mpikisano weniweni. Adatero pofuna kuti bungwe loyang'anira masewera a nkhonya lisiye kuwalamulira ndi kuwalipiritsa.

Musathamangire kunena kuti ndiye zonse n'zabodza. Nkhaniyo ndi yopeka, koma kugwako n'kwenikweni. Munthu wodumpha kuchokera pamwamba pa zingwe amagwadi, msana umapwetekadi. Mayi wina wa ku England wodziwika ndi dzina loti Paige adalengeza mu 2018 kuti wasiya kusewera chifukwa chovulala khosi, pomwe anali ndi zaka 25 zokha, ndipo padapita zaka zinayi asanalowenso m'bwalo. Anthu amenewa amaphunzira kwa zaka zambiri kagwedwe koyenera ndi kanyamulidwe ka mnzawo kuti asamuphe. Amene amaoneka ngati adani awiri amakhala akuthandizana, wina akudalira mnzake kuti amugwetse bwino. Pansi pomwe amagwerapo ndi matabwa oyalidwa zofewa, amene amagonjera thupi likagwa. Mwana wa ku Mhuju akamayeserera zomwezo pabwalo la sukulu, pansi pake ndi dothi louma la mu Okutobala, ndipo mnzakeyo sadauzidwe kuti agwe motani. N'chifukwa chake kampaniyo imaika uthenga wochenjeza kuti anthu asayeserere kunyumba. Uthengawo umabwera m'Chingerezi, ndipo nthawi yomwe ukudutsa ndi yomwe anthu amakhala akukangana za ndewu yapitayo.

Akazi sadapatsidwe ulemu m'kampaniyi mwaulere. Kwa zaka zambiri ankawatcha ma Diva, ndipo ntchito yawo yaikulu inali kuonetsa thupi. Mu Febuluwale 2015 masewera ena a akazi adatha m'masekondi pafupifupi 30, oonera adakwiya n'kudzaza madandaulo pa Twitter. Chaka chotsatira dzina la Diva lidachotsedwa. Pa 7 Epulo 2019, pa WrestleMania 35, Becky Lynch, Ronda Rousey ndi Charlotte Flair adakhala akazi oyamba kutsekera chionetsero chachikuluchi, malo omwe kale anali a amuna okha. Mu 2021 Bianca Belair ndi Sasha Banks adakhala akazi akuda oyamba kukumana pa malo omwewo. Sikuti eni kampani adangokoma mtima tsiku lina. Adaona kuti anthu akulipira kuti aone akazi akusewera mwaluso. Ngakhale ku Bolivia, mumzinda wa El Alto, amayi achikuda cha kumeneko amagwetsana atavala masiketi awo aatali a makolo, alendo n'kumalipira pakhomo. Ndalama ikalankhula, mwambo umapeza pokhala.

Tsopano pali masewera enawo, omwe m'nyumba za vidiyo saoneka kawirikawiri. Amenewa alibe zingwe, alibe mipando yomenyerana, alibe nyimbo zolowera. Saloleza nkhonya, saloleza kumenya ndi mwendo, kukoka tsitsi kapena kukanyanga pakhosi. Anthu awiri olemera mofanana amaima m'bwalo lozungulira la mamita 9, pa mphasa yofewa, ndipo amalimbana zigawo ziwiri za mphindi zitatuzitatu, ndi kampumulo ka masekondi 30 pakati. Ukagwetsa mnzako n'kumulamulira umapeza mapointi awiri, ukamunyamula n'kumuponya chagada umapeza anayi kapena asanu, ukamukankhira kunja kwa bwalo umapeza imodzi. Ukamupanikiza mapewa onse awiri pansi, masewera athera pomwepo. Ukamusiya ndi mapointi 10, oyimbira amaimitsa kuti winayo asazunzike pachabe. Bungwe loyang'anira masewerawa padziko lonse ndi United World Wrestling, lomwe likulu lake lili ku Switzerland. Pa Olympics akazi amapikisana m'magulu asanu ndi limodzi: makilogalamu 50, 53, 57, 62, 68 ndi 76. Ndiye kuti kamtsikana kochepa thupi kali ndi malo ake, ndipo yemwe anzake amamuseka kuti ndi wojintcha alinso ndi malo ake. Ndi masewera angati amene angatero?

Amene adakulira kubusa aona kuti izi si zachilendo. Anyamata oweta ng'ombe m'chigwa cha Henga ndi ku Nkhamanga akhala akugwetsana kuyambira kalekale pofuna kudziwa yemwe akabweze ng'ombe zikalowera kumunda. Malamulo ake anali omwewa: osamenya, wagwa chagada wagonja. Kusiyana kwake n'kwakuti anzathu kwina adatenga masewera akubusawa n'kuwapatsa mphunzitsi, sikelo ndi mendulo, kenaka n'kutsekulira atsikana chitseko.

Mpikisano woyamba wa akazi wa dziko lonse udachitika mu 1987 ku Norway, ndipo pa Olympics adalowa mu 2004 ku Athens. Mayi wa ku Japan, Kaori Icho, adatenga mendulo yagolide kanayi kotsatizana kuyambira 2004 mpaka 2016. Mu Africa muno, Marwa Amri wa ku Tunisia ndiye adatsekula njira potenga mendulo yamkuwa ku Rio de Janeiro mu 2016. Pa Olympics ya ku Tokyo, yomwe idachitika mu 2021 chifukwa cha mliri wa Covid-19, Blessing Oborududu wa ku Nigeria adatenga yasiliva m'gulu la makilogalamu 68.

Oborududu ndi wa ku Bayelsa, dera la madambo ndi mitsinje komwe kugwetsana ndi masewera a pamudzi. Kumeneko n'komwenso kudachokera Daniel Igali, yemwe adatengera dziko la Canada mendulo yagolide mu 2000, kenaka n'kubwerera kwawo kukatsogolera bungwe la masewerawa. Ku Senegal nako, komwe kugwetsana kumadzaza masitediyamu, kuli Isabelle Sambou wa ku Casamance. Iye ndi wa mtundu wa Adiola, omwe pamwambo wawo atsikana nawo amagwetsana. Adayambira pamchenga wa kumudzi, adakhala katswiri wa Africa kasanu ndi kanayi, adapikisana pa Olympics ya 2012 ndi ya 2016, ndipo ku Rio ndiye adanyamula mbendera ya dziko lake. Palibe mwa awiriwa amene adayambira m'nyumba yamagalasi. M'mera mpoyamba, ndipo poyambira pawo panali pa dothi ngati lathuli.

Pali kanthu kena kokhudza mendulo ya Oborududu komwe kamalumikiza mbali ziwirizi. Yemwe adamugonjetsa mu ndime yomaliza ku Tokyo anali Tamyra Mensah-Stock wa ku America, mwana wa bambo wochokera ku Ghana. Mu 2023 Mensah-Stock adasiya mpikisano n'kusaina ndi WWE. Kurt Angle, yemwe okonda vidiyo akale amamukumbukira, adayenda njira yomweyo: mendulo yagolide ya Olympics mu 1996, kenaka kanema. Ronda Rousey naye adayamba ndi judo ndipo adatenga mendulo yamkuwa ku Beijing mu 2008. Ulemu uli ku mpikisano, koma ndalama zambiri zili ku chisangalalo, ndipo sindikuona chifukwa chonyozera munthu amene wasankha kudyetsa banja lake. Chomwe ndikufuna muone n'chakuti njira imayenda kuchokera ku masewera enieni kupita ku kanema. Ana athu ife akuyenda chobwerera: akuyamba ndi kudumphira mnzawo kuchokera pa chulu, asanaphunzire n'komwe kuima.

Nanga kwathu kuno? Akazi a ku Malawi adasonyeza kale kuti masewera ogundana thupi sawaopa. Mu Juni 2018 Anisha Basheel adapita ku London n'kukagonjetsa Samantha Smith m'chigawo choyamba chomwe, natenga lamba wa nkhonya wa Commonwealth. Ellen Simwaka wamenya nkhonya kwa zaka zambiri ku South Africa. Harriet Bonface adaimira Malawi pa judo ku Olympics ya ku Tokyo, ndipo judo ndi mbale wake weniweni wa kugwetsana. Kutsidya kwa malire, Esther Phiri wa ku Lusaka, mayi yemwe ankagulitsa ndiwo zamasamba pamsika, adasanduka katswiri wa nkhonya wodziwika dziko lonse, ndipo Catherine Phiri adakalanda lamba wa WBC kwa Yazmin Rivas ku Mexico komweko mu Januwale 2016. Ngati tidavomera kuti mkazi aponye chibakera kumaso kwa mnzake ife n'kumavina, tingakane bwanji masewera omwe kumenya n'koletsedwa?

Koma boma la Rumphi lili ndi umboni wakewake, ndipo ndi wolemera kuposa wonsewu. Tabitha ndi Temwa Chawinga ndi ana a boma lino. Adayamba mpira wamiyendo akusewera ndi anyamata, pa nthawi yomwe mtsikana womenya chikopa ankaonedwa ngati wosamva. Tabitha wanenapo poyera kuti makolo ake sankafuna kuti azisewera, komanso kuti ali wamng'ono adakakamizidwapo kuvula pamaso pa anthu pabwalo chifukwa a timu ina ankakana kuti ndi mtsikana. Taganizani manyazi amenewo pa mwana. Mwana yemweyo adapita ku Sweden, ku China, kenaka ku Inter Milan komwe adagoletsa zigoli zambiri kuposa aliyense mu ligi ya Italy ya 2022/23, asanapite ku Paris Saint-Germain ndi ku Lyon. Mng'ono wake Temwa adathandiza ma Scorchers kutenga chikho cha COSAFA mu 2023 pogonjetsa Zambia 2-1, ndipo mu 2024 adagoletsa zigoli 20 mu ligi ya ku America ali ku Kansas City Current, n'kusankhidwa kukhala wosewera bwino kuposa onse. Lero aliyense pa Rumphi amati "ana athu". Mphamvu zomwe dzulo zinkawachititsa manyazi ndi zomwe lero tikunyadira.

Si mtsikana aliyense wamphamvu amene ali ndi mwendo wa mpira kapena msinkhu wa ntchemberembaye. Alipo amene amatsika mapiri a ku Phoka atasenza thumba la chimanga, amene amakwera kuchokera ku Chitimba kupita ku Livingstonia ndi dengu la usipa pamutu, amene amapalira fodya tsiku lonse. Miyendo, msana ndi khosi zomwe mphunzitsi wa kugwetsana amazifuna, atsikana amenewa adazipeza kale popanda kulipira jimu. Tikamati thupi la mkazi ndi lofooka pa masewera, tizikumbukira kuti sitinena zimenezo pa nthawi yosenza nkhuni.

Makolo ali ndi nkhawa zawo ndipo zina n'zomveka. Yomwe imamveka kwambiri ndi ya kubereka, yoti mtsikana akamagwetsedwa chiberekero chimasokonekera. Imeneyi ndi yofanana ndi ija inkanenedwa pa mpira ndi pa njinga. Becky Lynch adabereka mwana mu Disembala 2020 ndipo pofika Ogasiti 2021 anali atabwerera m'bwalo. Kuvulala kulipo, monga kulili pa mpira: bondo, phewa, khutu, nthawi zina khosi. Mankhwala ake ndi mphunzitsi wodziwa ntchito, pansi pofewa ndi kupikisanitsa anthu olingana thupi.

Nkhawa ya zovala ndiyo yovutirapo. Chovala cha mpikisano chimagwira thupi, ndipo sichingakhale chotaya chifukwa chala cha mnzako chingakodwe n'kuthyoka. Dziko lino lili ndi mbiri yaitali yolimbana ndi zovala za akazi. Lamulo la 1973 linkaletsa amayi kuvala mathalauzi ndipo lidakhalapo pafupifupi zaka 20, ndipo mu Januwale 2012 amayi adavulidwa m'misewu ya m'mizinda yathu chifukwa cha mathalauzi omwewo. Choncho sindingauze gogo wa ku Mwazisi kuti nkhawa yake ndi yachabe. Koma pa masewera a sukulu palibe chokakamiza kuvala ngati a pa kanema. Kabudula wofika m'mawondo ndi malaya ogwira thupi, zonga zomwe atsikana a mpira amavala kale, n'zokwanira.

Nkhawa yomwe ine ndimaiona kuti ndi yaikulu, koma siitchulidwa kawirikawiri, ndi ya aphunzitsi. Awa ndi masewera ogwirana thupi, ndipo mtsikana amakhala m'manja mwa munthu wamkulu amene ali ndi mphamvu yomusankha kapena kumusiya. Ku India, dziko lomwe atsikana a kumudzi a ku Haryana adatchukitsa masewerawa, zinthu zidafika poipa. Okonda mafilimu a Chimwenye akumbukira Dangal ya 2016, yonena za Geeta Phogat yemwe adatenga golide pa masewera a Commonwealth mu 2010. Koma mu 2023 akatswiri ngati Sakshi Malik ndi Vinesh Phogat adakhala pamsewu ku New Delhi masabata angapo, akudandaula kuti mkulu wa bungwe lawo ankachitira nkhanza zogonana atsikana osewera. Mkuluyo adakana, nkhani idapita kukhoti. Ngati akatswiri okhala ndi mendulo adavutika chotere kuti amvedwe, nanga mwana wa Fomu 1 pa sukulu yoyendera? Aliyense woyambitsa masewerawa ku Rumphi ayambe ndi lamulo ili: pophunzitsa pazikhala mphunzitsi wamkazi kapena mayi wa m'gulu la amayi a pasukulu, ndipo pasakhale zoti mwana atsale yekha ndi kochi anzake atapita.

Nkhani ya sikelo nayo njofunika kuisamala. Vinesh Phogat yemweyo adafika mu ndime yomaliza pa Olympics ya ku Paris mu 2024, koma m'mawa wa tsiku lopikisana adapezeka kuti wapitirira makilogalamu 50 ndi magalamu 100 okha, ndipo adachotsedwa wopanda mendulo iliyonse. Magalamu 100, kulemera kosafika pa kapu ya ufa. Akuluakulu amadzimana chakudya ndi madzi kuti akwane m'gulu lawo. Kwa mwana amene akukula, makamaka m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale pomwe nkhokwe zambiri zimakhala zitapepuka, zimenezo zisayerekezedwe. Mwana apikisane pa kulemera komwe ali.

Funso lotsala ndi la ndalama, ndipo apa boma la Rumphi lili ndi mwayi womwe ambiri sadauone. Mphasa ya mpikisano ndi yodula ndipo imachokera kunja. Sukulu yomwe ikusowa madesiki singaigule. Koma United World Wrestling ili ndi mtundu wina wa masewerawa wochitikira pamchenga. Bwalo lake ndi lozungulira, la mamita 7. Masewera amatenga mphindi zitatu, amachitika choimirira, ndipo woyamba kupeza mapointi atatu wapambana. Kugwetsa mnzako kapena kumutulutsa m'bwalo ndi pointi imodzi, kumugwetsa chagada ndi atatu. Malamulo ake mphunzitsi wa zamasewera atha kuwagwira tsiku limodzi. Ndipo si masewera ongocheza: ali pa ndandanda wa Olympics ya achinyamata ya 2026 ku Dakar, mpikisano woyamba wa Olympics kuchitikira mu Africa.

Mchenga ndiye tili nawo. Gombe la Chitimba, la Chiweta ndi la Mlowe lili pomwepo, ndipo kumtunda mitsinje ikaphwa m'chilimwe imasiya mchenga wokwanira ngolo zingapo. Chofunika ndi chingwe chozungulira bwalo, sikelo yomwe ingabwerekedwe kwa ogula mbewu, wezulo, ndi kuchotsa miyala ndi magalasi mumchengamo. Chosowa chenicheni ndi munthu wophunzitsidwa bwino kagwetsedwe ndi kagwedwe, ndipo imeneyo ndi ntchito ya Malawi National Council of Sports, Malawi Olympic Committee ndi ofesi ya zamasewera ya kwa DC. Aphunzitsi khumi, theka lawo amayi, atachita maphunziro a sabata imodzi pa tchuthi, zoni ziwiri kapena zitatu za m'mbali mwa nyanja zikhoza kuyamba teremu yotsatira.

Za oonera musade nazo nkhawa, alipo kale, ndi omwe aja a m'mabenchi. Chisangalalo ndi mpikisano siziyenera kudana. Ku Senegal ng'oma zimalira, ogwetsana amalowa movina, koma akagwirana zimakhala zenizeni. Ifenso ng'oma tili nazo. Mafumu a pansi pa Themba la Mathemba Chikulamayembe atavomereza, mpikisano wa atsikana a sukulu ukhoza kuchitika ngakhale pa sabata ya Gonapamuhanya ku Bolero, pomwe anthu amakhala atasonkhana kale. Amalonda a pa boma amene amapereka mayunifolomu ku matimu a mpira wa anyamata angathe kuikapo mphoto ya fizi ya teremu imodzi kwa wopambana m'gulu lililonse, ndipo ndalamayo ipite ku sukulu mwachindunji, isadutse m'thumba la kochi.